Ophunzira amene amadya okha

Nditapuma pantchito yauphunzitsi, ndalama za penshoni ndinamangira tizipinda kuseri kwa nyumba yanga kuno ku Mangochi. Amene amachita lendi m'tizipindamo nthawi zambiri ndi ana a m'makoleji, poti malo ogona a pasukulu sakwanira aliyense. Anthu akutali akamva za Mangochi amangoganiza za chambo, kutentha ndi mahotela a m'mbali mwa nyanja, koma kunonso kuli ophunzira. Ena amaphunzira zausodzi ku Mpwepwe, ena ali pa yunivesite ya DMI St. John the Baptist, ena ndi ochokera ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS amene amabwera kudzaphunzira ntchito m'midzi ndi m'zipatala zathu. Palinso ana athu obadwira konkuno amene ali ku Chanco, ku Bunda, ku MUST, ku MUBAS ndi ku Mzuni, omwe timawaona akatsekera. Sinditchula koleji imene kunachitikira zomwe ndikambe apa, ndipo sinditchula dzina la mwana aliyense, chifukwa ena akadali pasukulu ndipo dzina likhoza kuwapweteketsa.

Kukhala ndi anawa kwandionetsa kuti mwana wa pakoleji samaliza sukulu ndi nzeru zake zokha. Amamaliza chifukwa ali m'gulu lokambirana maphunziro limene limakumana pansi pa mtengo wa mango madzulo, chifukwa mapepala a mayeso akale amamupeza pa gulupu ya WhatsApp ya kalasi, chifukwa ufa ukamuthera pakati pa semesita mesho wake amamugawira, ndi kabonya komwe. Kwaya, bungwe la ophunzira achikhristu la SCOM, bungwe la ophunzira achisilamu, timu ya mpira wamiyendo ndi ya ntchemberembaye, gulu la zisudzo, mtsutso, ulendo wa kalasi wopita ku Cape Maclear: akuluakulufe timaziona ngati zongosangalatsa, koma m'menemo ndi momwe mwana amapezera womubwereka laputopu, womudzutsa tsiku la mayeso, womuperekeza kuchipatala malungo akamugwira usiku. Mwana akachotsedwa m'zimenezi, dzina lake limakhalabe m'kaundula wa koleji, koma masiku ake pasukulupo amakhala owerengeka.

Pali ophunzira amene amachotsedwa m'zimenezi mosavuta kuposa anzawo. Ndikunena anyamata amene mtima wawo umakonda anyamata anzawo, atsikana amene amakonda atsikana anzawo, ndi ena amene anabadwa ndi thupi lachimuna koma amadzimva kuti ndi akazi, kapena anabadwa ndi lachikazi koma amadzimva kuti ndi amuna. Mabungwe amawatchula ndi zilembo zoti LGBTQ. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwafika kale pofuna kusiya kuwerenga. Ndikupempheni kuti mupitirizebe, chifukwa sindikukuitanirani ku ukwati wa wina aliyense. Ndikukamba za mwana amene makolo ake anagulitsa mbuzi kuti alipire fizi, ndi zimene zimamugwera anzake akadziwa chinsinsi chake.

Woyamba amene ndinamudziwa anabwera usiku, atatsogozedwa ndi mtsikana wina wochita lendi kwa ine. Anali mnyamata wa chaka chachiwiri wochokera kumapiri a ku Ntcheu, chikwama kumsana, mabuku atawalonga m'ndowa.

"Amayi, pepani takudzutsani," anatero mtsikanayo. "Mnzangayu alandilodi ake amutulutsira katundu panja. Alibe kogona."

Ndinawauza kuti alowe, koma mnyamatayo anangoima pakhomo.

"Amayi, ndiyambe ndakuuzani chimene andithamangitsira. Mungadzamve kwa ena mawa n'kumati ndinakubisirani."

"Mwananga, zimenezo tikambirana kukacha. Kasambe, nsima ilipo."

Kutacha anafotokoza. Mesho wake anabwereka foni ponena kuti bandulo yamuthera, n'kutsegula mauthenga amene mnyamatayu ankalemberana ndi mnzake wa ku Zomba. Anawajambula n'kuwaponya pa gulupu ya kalasi. Dzuwa lisanalowe anali atafika m'magulupu ena, kwa alandilodi, ndi kwa anyamata a kabaza a pasiteji, omwe ankamukuwiza kuti "wamathanyula uyo" akamadutsa. Palibe anamumenya. Zimene zinatsatira zinali zachete, ndipo ndi zimene zinatsala pang'ono kumumaliza. Anamuchotsa pa gulupu ya kalasi, choncho nthawi ya mayeso ena itasinthidwa iye sanamve, anafika anzake akutuluka. Wapampando wa kwaya, imene ankaimbamo tena kuyambira chaka choyamba, anamuuza mwaulemu kuti ayambe wapuma kaye. Gulu lake lokambirana maphunziro linasintha malo okumanirana osamuuza. Kumalo odyera akakhala pabenchi, ena ankanyamula mbale zawo n'kusamukira kwina.

Ndinamuperekeza ku ofesi yoona za ophunzira. Funso loyamba limene anamufunsa linali lakuti, "Koma zimene akunenazo n'zoona?" Funso limenelo limandiwawa mpaka lero. Mwana waberedwa zachinsinsi za m'foni mwake, wanyozedwa pagulu, waphonya mayeso, katundu wake wagona panja, ndiye ofesi ikufuna idziwe kaye za mtima wake. Za amene anajambula mauthengawo sanafunse. Anamulangiza kuti azipemphera ndi kupewa kudzionetsera, nkhani n'kuthera pomwepo. Mayeso aja anadzalemba ngati sapu, mayeso obwereza a olephera, ngati kuti anawalephera yekha.

Kuti mumvetse chifukwa chake mwana wotere sathamangira kupolisi, muyenera kukumbukira zimene zinachitika konkuno. Mu 2021 apolisi anamanga Jana Gonani kuno ku Mangochi. Gonani anabadwa ndi thupi lachimuna koma amakhala ngati mkazi. Mu Disembala chaka chomwecho khoti la majisitireti la ku Mangochi linamugamula kuti akakhale kundende zaka 8, ndipo anakamutsekera kundende ya amuna. Nkhani yake inafika ku khoti loona za malamulo oyendetsera dziko, komwe inaphatikizidwa ndi ya Jan Willem Akster, nzika ya ku Netherlands imene inkaimbidwa milandu yochitira anthu nkhanza zogonana. Kuphatikizako kunasokoneza anthu ambiri, moti m'minibasi nkhani ya akuluakulu awiri ogwirizana inkakambidwa ngati ndi imodzimodzi ndi kugwiririra. Pa 28 Juni 2024 oweruza atatu anakana pempho la awiriwa loti malamulo oletsa kugonana kwa amuna okhaokha athetsedwe. Anati malamulowo akhale momwe alili, ndipo wofuna kuti asinthe apite ku Nyumba ya Malamulo. Wophunzira wa kuno sachita kuwerenga izi m'mabuku. Khoti limene linagamula Gonani amalidutsa akamapita kumsika.

Gawo 153 la malamulo a milandu, lomwe anatisiyira atsamunda, limaletsa kugonana kumene limati n'kosemphana ndi chilengedwe, ndipo limapereka chilango chofika zaka 14. Gawo 156 limanena za amuna ndipo chilango chake chimafika zaka 5. La akazi, 137A, ndi lathu lomwe: aphungu analivomereza mu Disembala 2010, Pulezidenti Bingu wa Mutharika n'kulisainira mu 2011. Bingu yemweyo ndi amene mu Meyi 2010, atakumana ndi Ban Ki-moon, mlembi wamkulu wa United Nations panthawiyo, anakhululukira Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, omwe anali atagamulidwa zaka 14 pambuyo pa chinkhoswe chawo cha ku Blantyre. Mu 2012, nthawi ya Joyce Banda, boma linati liyamba laimitsa kumanga anthu pa milandu imeneyi, koma mu 2016 khoti lalikulu ku Mzuzu linaimitsa ganizo limenelo. Mwana wa zaka 20 lero wakula akumva zimenezi zikupita uku ndi uku, ndipo chimene watolapo n'chimodzi: usadziwike.

Koma pali chinthu chimene ambiri, ngakhale aphunzitsi a m'makoleji, sachilabadira. Magawo onsewa amanena za mchitidwe, ndipo mchitidwewo uyenera kutsimikizidwa m'khoti. Palibe gawo limene limati mnyamata wongoganiziridwa, kapena woyenda mwachikazi, kapena mtsikana wometa ndi kuvala buluku, achotsedwe m'kwaya, athamangitsidwe m'nyumba pakati pa mwezi, kapena abisiridwe nthawi ya mayeso. Malamulo oyendetsera dziko lino, pa gawo 25, amati munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Gawo 21 limateteza zachinsinsi za munthu, kuphatikizapo mauthenga ake, ndipo gawo 19 limati ulemu wa munthu usaphwanyidwe. Lamulo la 2016 loona za pa intaneti limaletsa kuzunza ndi kuopseza munthu kudzera pa foni kapena kompyuta. Pa nkhani ya mnyamata uja, munthu amene umboni wa kulakwa kwake unali poyera pa gulupu anali mesho, ndipo iyeyo anapitiriza kuimba m'kwaya.

Ine ndine mayi wa Mvano. Mu Julayi 2023, atsogoleri a mipingo ndi achisilamu atatsogolera zionetsero zokana maukwati a amuna kapena akazi okhaokha ku Blantyre ndi m'mizinda ina, anzanga ambiri anaomba m'manja, ndipo ndimapempherabe nawo limodzi. Sindikulemba izi kuti ndisinthe chikhulupiriro cha munthu. Ndimangowafunsa funso limodzi. M'mipingo mwathu muli abambo amene aliyense akudziwa kuti ali ndi nyumba ina yachinsinsi ku Monkey Bay, muli odya ndalama za ana amasiye, muli omenya akazi awo. Onsewo timadya nawo pamaliro, timawapatsa mpando, timati adzalapa. Nanga bwanji mwana uyu yekha, amene sanabe kanthu ka munthu, ndi amene mbale yake sitingaiyandikire?

Amene anandilimbitsa mtima pa nkhaniyi ndi mayi wachisilamu woyandikana naye nyumba, wogulitsa usipa kumsika. Mphekesera zinamufika, ndipo ndinkadikira kuti abwera kudzandidzudzula. Anabweradi, koma atanyamula mbale yovundikira. Unali mwezi wa Ramadan, ndipo zimene anaphika zomasulira swaumu anapatulako za mnyamata uja.

"Amayi, za m'chipinda mwake adzayankha yekha kwa Mulungu," anatero. "Ine ndaona mwana wowonda. Mwana wa mnzako ngwako yemwe."

Sanasinthe zimene amakhulupirira, ndipo sindinamupemphe kutero. Koma anyamata a kabaza aja atayamba kuima pageti panga madzulo, ndi iyeyo amene anatuluka n'kuwayankhula m'Chiyao, kuwatchula mayina a amayi awo mmodzimmodzi, mpaka anabalalika osabweranso.

Kuno kuli kunena kwina kumene kumamveka kwambiri, koti anawa amaphunzira zimenezi kwa azungu a kunyanja pofuna ndalama. N'zoona kuti m'mbali mwa nyanja muno umphawi umakankhira anyamata ndi atsikana m'manja mwa alendo a ndalama, azungu ndi akuda omwe, ndipo zimenezo n'zofunika kulimbana nazo. Koma mnyamata uja nyanja anaiona koyamba atabwera ku koleji. Anandiuza kuti anadzizindikira ali kupulayimale. Anasala kudya, anakwera phiri kukapemphera usiku wonse, anafunsira mtsikana poganiza kuti mwina zisintha. Sanalandirepo tambala kwa munthu aliyense. Palibe mwana wanzeru zake amene angasankhe dala njira yoti anzake azithawa benchi imene wakhalapo.

Atakhazikika pang'ono, ndinayamba kuona alendo akubwera Lamulungu masana. Ankabwera mmodzimmodzi, mabuku m'manja, ndipo anzawo akawafunsa ankati akukawerenga. Ankawerengadi, poti ambiri mwa iwo anali atataya magulu awo okambirana maphunziro. Koma ankaphikanso limodzi, kuseka, kumvetsera nyimbo, ndipo amene tsiku lonse pasukulu ankasamala kayendedwe ndi kayankhulidwe kake, pano ankamasuka mapewa. Si onse anali a mtundu umenewu. Ena anali anzawo chabe, ngati mtsikana anabweretsa mnyamata usiku uja, ndipo kupezeka kwa anzawowo ndi kumene kunkachititsa kuti woona asaganizire kanthu. Gululi lilibe dzina, lilibe wapampando, ndipo silinalembetsedwe kwina kulikonse.

Lili ndi malamulo ake, ndipo malamulowo akukuuzani mantha amene anawa amakhala nawo. Sajambulana zithunzi. Munthu watsopano sabwera naye kunyumba asanakumane naye kaye pagulu, ali awiri, chifukwa alipo anthu amene amanamizira chikondi pa Facebook, n'kukumana ndi mwana, kumulanda foni, kenako kumamuopseza kuti aulula kwa makolo akapanda kutumiza ndalama. Amalangizana kuti woopsezedwa asalipire, poti ukalipira kamodzi umalipira mpaka kalekale, ndipo asasunge yekha nkhaniyo. Mwezi ukatha aliyense amaponya kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo thumbalo ndi la zadzidzidzi: lendi ya mwezi umodzi kwa wothamangitsidwa, thiransipoti yopitira kuchipatala chakutali komwe sadziwika, foni ya batani kwa wolandidwa. Amauzananso kuti ndi namwino uti amene amathandiza osaitana anzake kuti adzaone, ndi mphunzitsi uti amene ungamuuze vuto osalimva mawa kwa ena. Ku Mangochi thandizo la ophunzira amenewa lafika pamenepo: chipinda, mphika, kathumba, ndi pakamwa posunga chinsinsi.

Mabungwe aliko, ndipo ntchito yawo ndimaiyamikira. Mabungwe oona za ufulu wa anthu a CEDEP ndi CHRR akhala akuyankhulira anthuwa kwa zaka zambiri, ndipo Nyasa Rainbow Alliance ndi imene inakonza ulendo woyamba wa Pride, woyenda poyera anthu amenewa, ku Lilongwe pa 26 Juni 2021, pomwe oyendawo anabisa nkhope ndi mamasiki. Bungwe lomweli boma linakana kulilembetsa, ndipo mu 2023 ofesi yake ya ku Blantyre inathyoledwa. Mu 2018 Human Rights Watch inatulutsa lipoti lofotokoza za kumenyedwa, kumangidwa ndi kusalidwa m'zipatala kwa anthu amenewa m'Malawi muno. Ndondomeko za boma zolimbana ndi HIV zimatchula amuna ogonana ndi amuna anzawo ngati gulu lofunika kulifikira ndi makondomu, mankhwala oteteza ku HIV a PrEP ndi ma ARV, moti unduna wina umawafunafuna kuti uwathandize pomwe lamulo likuwafunafuna kuti liwamange. Vuto ndi loti ndalama zambiri zimene zinkabwera zinali za HIV, ndipo nazonso zinachepa dziko la America litadula thandizo mu 2025. Wophunzira wothamangitsidwa m'nyumba akhoza kupeza kondomu yaulere mosavuta kuposa kupeza ndalama zolipirira semesita yotsatira. Ndikanakonda othandizawo akanamva zimenezi, chifukwa chimene chimagwetsa ana ambiri ndi fizi ndi pogona.

Ena mwa anawa amandionetsa pafoni zimene zimachitika ku Joni, komwe mayunivesite ngati Wits ndi UCT ali ndi magulu apoyera a ophunzira otere, okhala ndi misonkhano ndi sabata yawo ya zochitika. Kuno ku Mangochi pafupifupi banja lililonse lili ndi m'bale ku South Africa, ndiye sitinganamizire kuti sitidziwa kuti kumeneko maukwati amenewa analoledwa mu 2006. Ngakhale pafupi pompano, mukangodutsa Namwera n'kuwoloka pa Chiponde, mwalowa m'dziko la Mozambique limene linachotsa milandu imeneyi mu 2015. Ku Namibia khoti linathetsa lamulo lofanana ndi lathu patangotsala sabata imodzi kuti lathu ligamule mosiyana. Komabe mwana wina atandifunsa ngati ayambitse kalabu yapoyera pa koleji yawo, ndinamuuza kuti ayi, osati panopa. Kalabu imafuna mndandanda wa mayina, ndipo mndandanda umenewo ukhoza kugona mu ofesi lero, mawa n'kupezeka pa gulupu. Ndimalemekeza olimba mtima amene amayenda poyera ku Lilongwe, koma sindingatume mwana wa eni kukachita zimenezo m'tauni yaing'ono momwe wa kabaza aliyense amadziwa pomwe amagona.

Chimene ndikupempha n'chakuti makalabu amene alipo kale asiye kukhala zida zothamangitsira ana. Zimenezi sizifuna chilolezo cha Nyumba ya Malamulo. Zimafuna munthu wamkulu mmodzi woima nji. Ndinaziona ndi kochi wina wa timu ya atsikana ya mpira wamiyendo. M'timu mwake munali mtsikana wochokera cha ku Namwera, wometa, wosavala siketi, womwetsa zigoli kuposa onse. Timu ikukonzekera ulendo wokasewera kutali, atsikana ena anati sagona naye chipinda chimodzi, ndipo akuluakulu ena anauza kochiyo kuti angomusiya kuti pasakhale phokoso. Kochi anasonkhanitsa timu yonse.

"Ana inu, alipo amene mnzanuyu anamulakwira? Ngati alipo anene pompano, ndipo ndichitapo kanthu lero lomwe."

Panalibe anayankha.

"Ndiye tonse tikwera basi imodzi. Amene sakufuna atsale ndi iyeyo."

Onse anapita. Kochiyo sanaphunzitse za ufulu wa anthu, sananene ngati amagwirizana nazo kapena ayi. Anangofunsa ngati pali wolakwiridwa, ndipo funso limenelo ndi limene ofesi ija inayenera kufunsa. Mtsikana akagwiridwa thupi mosafuna, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi mnzake, wolakwayo alangidwe, ndipo lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa kale nkhanza zotere. Koma ngati palibe wolakwiridwa, mphekesera si mlandu.

N'chimodzimodzi kwina konse. Woyang'anira gulupu ya kalasi adziwe kuti gulupu imene pamadutsa nthawi ya mayeso si yake yoti azichotsapo amene wamuda, ndipo aphunzitsi asiye kudalira gulupu yokhayo polengeza zinthu zofunika. Sabata yolandira mayaro, ophunzira a chaka choyamba, pomwe amauzidwa za mowa ndi za mimba, auzidwenso momveka kuti kufalitsa mauthenga a m'foni ya mnzako ndi mlandu wopita nawo ku komiti ya chilango. Atsogoleri a magulu a mapemphero, achikhristu ndi achisilamu omwe, ali ndi ufulu wophunzitsa zimene mabuku awo amanena, koma kuitanira mwana kutsogolo kuti amutulutse ziwanda anzake akujambula ndi nkhanza, ngakhale zitachitika ndi nyimbo. Ndipo pa koleji iliyonse pakhale mlangizi wodziwa kuti zimene wamva m'chipinda zimathera m'chipindamo.

Za mlangizizi ndikuzinena ndi mtima wolemera. Patapita miyezi, mnyamata wa ku Ntcheu uja anandiuza kuti usiku umene anabwera kwanga anali ataganiza kale zodzipha, ndipo chinamubweza ndi mtsikana uja amene anakana kumusiya yekha. Akatswiri a matenda a maganizo ali kutali, ku chipatala cha ku Zomba kapena kwa a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo mwana wopanda thiransipoti safikako. Amene ali pafupi ndi mesho, kochi, alandilodi, mayi wogulitsa mandasi pageti. Mukaona wophunzira wasiya kudya, wasiya kupita m'kalasi, akugawa katundu wake kapena akuyankhula zotsanzika, musadikire kuti mudziwe kaye ngati mphekesera zake n'zoona. Khalani naye, mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzivulaza, ndipo mupite naye kuchipatala cha boma tsiku lomwelo.

Nthawi yovuta kwambiri kwa anawa ndi ya tchuthi. Anzawo amawerengera masiku kuti akadye nsima ya amayi awo, iwo amafunafuna chifukwa chotsalira. Ena amakapeza nkhani itawatsogolera kale, abale atakonza zopita nawo kwa sing'anga kapena kwa mneneri. Kwa atsikana mankhwala amene banja limathamangira ndi ukwati. Ndimawamvetsa makolowo, chifukwa nawonso amaopa manyazi, amaopa kusalidwa kumzikiti kapena kutchalitchi, ndipo amaopera mwana wawo ndende. Koma kudula fizi sikusintha mtima wa mwana. Kumangomuchotsera chinthu chimodzi chimene chikanamuteteza moyo wake wonse, chomwe ndi pepala loti apezere ntchito n'kumadzilipirira yekha lendi. Ngongole ya boma ya ophunzira imafunsiridwa pa nthawi yake, ndipo mwana amene abale amusiya pakati pa semesita sangaidikire. Koleji ikanakhala ndi kathumba ka zadzidzidzi, kothandiza wophunzira aliyense wosiyidwa mwadzidzidzi popanda kumufunsa chifukwa chake, ana ambiri akanapulumuka, amasiye ndi oyembekezera omwe.

Mnyamata wa ku Ntcheu anamaliza. M'chaka chomaliza anzake awiri a m'kalasi anabwerera kwa iye okha, poti masamu ankawavuta ndipo iye ankawatha, ndipo kuchokera pa kuwerengera limodziko chinansi chinayambiranso. Kukwaya sanabwerereko. Panopa akugwira ntchito mumzinda wina ndipo akulipirira fizi mng'ono wake.

Mtsikana womwetsa zigoli uja sanamalize. Amalume ake, omwe ankalipira fizi ndipo ndi eni mbumba, atamva mphekesera anamuitanitsa kumudzi ali chaka chachitatu, n'kumuuza kuti sukulu yakwana, pali mwamuna wa ku Joni amene akufuna banja. Anakana ukwatiwo, ndipo kuyambira pamenepo akugulitsa kaunjika pamsika wina kufupi ndi malire. Mwezi wathawu anandiimbira kuti akufuna kubwerera. Anzake a Lamulungu aja asonkha zokwana pafupifupi theka la fizi ya semesita imodzi, kochi walonjeza kulemba kalata yomuchitira umboni, ndipo ine ndamusungira chipinda chakumapeto. Sukulu ikatsegulira tipita limodzi kwa mlembi wamkulu wa koleji kukapempha kuti apitirize pomwe anasiyira. Amayi ake avomera mwakachetechete. Amalume sanayankhebe, ndipo ine ndi mayi wa usipa uja tagwirizana zokwera minibasi ya ku Namwera Loweruka likubwerali kuti tikawaone.